Sipanala Yopindika ndi Fulashi Yofiira

Kakumbi,
Lachinayi masana

Mwanida mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi ndili ku galaja ya ku loji, pa thebulo lachitsulo lija timamasulirapo mainjini. Mapepala ake ndi omwe aja timalembapo matenda a magalimoto, ndiye ukaona mafuta m'mphepete usadabwe. Kunyumba sindikanatha kulemba. Amayi ako ali kalikiliki kukazinga nsawa za paulendo wako wamawa, ndipo akangondiona ndi cholembera ayamba kufunsa kuti ndikulembera ndani pamene mwana ali m'nyumba momwemo. Pamaso pako sindingathenso kulankhula, chifukwa iwe ukayamba kuyang'ana pansi ine mawu amandithera. Ndakwiya, mwana wanga. Ndakwiyira msuweni wako Ganizani, ndakwiyira iwe, ndipo wachitatu amene ndamukwiyira umupeza chakumapeto kwa kalatayi. Usadumphe masamba kuti ukamuone msanga.

M'mawa uno ndikumanga nsapato kuti ndizibwera kuntchito, amayi ako anandiika kanthu m'manja. Anati mwana wandipatsa aka kuti ndiikemo nyimbo za kwaya, akuti zimene zilimo ndi zinyalala, inu odziwa za makina mundifufutire. Nditayang'ana ndinaona kuti ndi fulashi yako yofiira ija, yopanda chivundikiro, imene unaimangirira ulusi wa ukonde kuti isamasowe. Zinyalala? Zaka zisanu wakhala ukulemba fayilo imene ili m'menemo, mzere lero, mzere mawa, kuwongola pulogalamu yako yolembera khodi kuti izimvera dzanja lako. Lero kwatsala tsiku limodzi kuti ukwere basi ya ku Lusaka, ukuti ndi zinyalala, mulowe nyimbo za kwaya. Sindinafufute. Amayi ako ndawauza kuti ndiwagulira ina ku Mfuwe, ndipo iyi ili m'thumba la ovolosi yanga pano pamene ndikulemba.

Kumene zachokera ndikukudziwa, pakuti ndinalipo. Dzulo pa chakudya chotsanzikana, Ganizani mwana wa azakhali ako anatenga laputopu yako osapempha, nati aonetse anthu mmene amalembera ku eyapoti kumene amagwira ntchito. Anadina apa, kunatuluka china. Anadina apo, mzere wonse unasowa. Anthu anayamba kumuseka, ndipo iye pofuna kuchotsa manyazi anatembenuzira nthabwala kwa iwe. "Iwe msuweni, kompyuta yako nayo ilibe zala ziwiri? Ku Lusaka bwana akakhala pa makina yako n'kukangiwa kulemba dzina lake, adzati mwana wa kuchigwa watiwonongera katundu. Uzichita monga anzako, manje uyenda kutauni." Onse anaseka, poti n'chisuweni, ndipo msuweni sakwiyiridwa. Iwenso unaseka. Koma ine ndinaona dzanja lako lamanzere likulowa pansi pa chitenje, ndipo silinatulukenso mpaka alendo atabalalika. Dzuwa litapendeka ndinakupeza pakhonde uli ndi laputopu pamiyendo. Ndinakufunsa kuti ukutani, unati, "Ndikungoyeretsa chabe, atate." Ine ndinakhulupirira, osadziwa kuti ukubwezera zonse kuti zikhale monga zinachokera kusitolo.

Chisuweni ndikuchidziwa, ndinakula nacho. Asuweni anga ananditchulapo mayina oti sindingawalembe papepala lopita kwa mwana. Koma chisuweni chimaseka mphuno, chimaseka mayendedwe, chimaseka nkhuku imene unaphika yosapsa. Sichilanda munthu khasu m'manja. Ndipo Ganizani ndi ndani kuti akuphunzitse iwe za kompyuta? Ndinamuona ine tsiku limene ndinapita ku eyapoti kukatenga alendo. Amalemba ndi zala ziwiri zamkombaphala ngati nkhuku ikutola mapira, lilime lili panja. Mulungu anamupatsa zala khumi, iye akugwiritsa ziwiri, ndiye akuseka iwe amene uli nazo zisanu ndi zitatu ndipo zonse zili pantchito. Yunifomu ndi kakhadi kapakhosi zamupatsa mtima woti ndiye mwini tauni, chikhalirecho Lusaka anaiona kawiri, ulendo winawo anapitira maliro.

Tandilola ndikubwezere zimene unandiphunzitsa iwe mwini, uone ngati mkulu wa masipanalayu anamva. Unati wolemba mapulogalamu amakhala tsiku lonse m'pulogalamu imodzi, imene inu mumati edita, momwe mumalembamo malamulo oti kompyuta itsate. Unati edita yabwino ndi imene imalola mwini wake kuisintha. Batani lija la pakona pansi kumanzere, limene anthu ena amalidina ndi kachala kotsiriza, iwe unalisamutsira pafupi ndi chala chachikulu. Mabatani ena a m'mphepete unawapezera njira ina. Mawu aatali amene umawalemba kambirimbiri unawafupikitsa, ukadina zilembo zitatu mzere wonse umatuluka wokha. Kumbuyo kwa mawu unadetsa bii, zilembo n'kuzipatsa mitundu, kuti ukaiwala kutseka chimene unatsegula chiziwala mofiira usanapite patali. Zonsezi zimakhala mu kafayilo kamodzi, ndipo ukakaika mu kompyuta ina iliyonse, kompyutayo imakuzindikira nthawi yomweyo. Kodi ndanama pamenepa? Ngati ndanena zoona, undiuze chinyalala ndi chiti.

Ukumbukire a madamu Bwalya, aphunzitsi aja anachokera kumpoto n'kutumizidwa kuno kumene kutentha kunkawadandaulitsa chilimwe chilichonse. Iwo ndi amene anakupeza m'kalasi ukulemba ndi dzanja limodzi, linalo uli nalo pansi pa desiki. Sanakumvere chisoni, anakukalipira. Tsiku lina nditabwera kudzakutenga ndinawafunsa ngati zosinthasinthazi n'zololedwa, kapena n'zongothandizira olumala. Anandiseka ndithu. "A bambo a Mwanida, amene ali ndi zala zonse teni ndiwo amasintha kwambiri. Wolemba khodi aliyense wodziwa ntchito ali ndi fayilo yake, amayenda nayo ngati mswachi." Anandifotokozera kuti munthu wochita chinthu chimodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo safuna kuti mutu wake uzifunafuna batani. Mutu uzikhala pa vuto limene akuthetsa, manja aziyenda okha. Ndinamva nthawi yomweyo, chifukwa ine ndikagona pansi pa galimoto sindiyang'ana m'bokosi, dzanja limapita lokha pamene pali sipanala ya seventini. Ndiye chimene Ganizani akuchitcha chilema, anzako a ku Lusaka ukawapeza akunyadira nacho, ena mpaka kukangana kuti edita yabwino ndi ya ndani.

Ndipo ntchito imene wapezayi unaipeza ndi chiyani? Chaka chatha alimi a kuno ankataya nthawi kuthamangira munda wolakwika njovu zikalowa, poti uthenga unkayenda pakamwa n'kumasintha m'njira. Iwe unalemba kapulogalamu kolandira mauthenga a pafoni n'kuwagawira onse olondera mbali imeneyo. Masiku anayi okha, pa thebulo lodyera, batire ya sola ikuthera pakati. Ndinkaima kumbuyo kwako ndikunamizira kufuna machesi, ndipo zala zako sindinkaziona n'komwe, ndinkangomva phokoso ngati mvula yoyamba padenga la malata. Kapulogalamu kameneko ndi kamene unatumiza ku kampani ya ku Lusaka ija, iwo n'kukuitana. Unakalemba mu edita yomweyo, ndi fayilo yomweyo. Lero wawoloka mtsinje ndiye bwato lasanduka nkhuni.

Ine ndinachitapo chimene ukuchitachi, ndipo chinandiwawa. Pamene unali wakhanda ndinali ndi masipanala asanu amene ndinawapinda ndekha pamoto. Magalimoto oyendetsera alendo m'paki ya nyama ali ndi mabawuti ena obisika, oti sipanala yowongoka siifikako pokhapokha utamasula kaye zinthu zina zitatu. Ndiye ine ndinkatenthetsa sipanala mpaka kufiira n'kuipinda pang'ono, ina n'kuipala kuti ionde, ina n'kuidula. Anali onyansa kuwaona, akuda ngati a m'phulusa, koma ntchito ya maola awiri ndinkaimaliza tiyi asanazizire. Kenako kunabwera manijala watsopano, munthu wa mapepala ambiri. Anayendera galaja, natola sipanala imodzi ndi nsonga za zala ngati watola khoswe wakufa, nafunsa kuti zida zowonongekazi zikutani pano. Anaitanitsa bokosi latsopano lonyezimira, chilichonse ndi malo ake, nalamula kuti zakalezo zitayidwe alendo asazione. Pakamwa ndinali napo, Mwanida, ndipo yankho ndinali nalo. Koma ndinachita manyazi kuti aziti makanika wakumudzi, wosapita ku koleji. Ndinati yesi bwana, ndipo ndinawanyamula ndekha kukawaponya kudzala.

Sipanathe mwezi, galimoto inatifera m'paki, kutsidya kwa dambo, muli alendo sikisi, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Vuto ndinalidziwa ndisanatsegule n'komwe, kabawuti kamodzi kuseri kwa pampu ya mafuta. Ndinatsegula bokosi lonyezimira lija. Sipanala iliyonse inali yokongola, koma panalibe ndi imodzi yomwe yofika pa kabawutiko. Maola atatu ndinali pansi, kumasula zinthu zosalakwa kuti ndipeze njira. Madzi akumwa anatha, mayi wina wachikulire anakomoka. Titafika ku loji, kodi ukuganiza kuti manijala anati pepani, ndine ndinatayitsa zida? Anandilembera kalata ya chenjezo kuti ndine wochedwa pantchito. Amene anandiuza kuti nditaye sanagone nane pansi pa galimoto. Ndinapita kudzala tsiku lomwelo, koma ndinapezako imodzi yokha, ya seventini, enawo ana anali atatola kale.

Tsono tamvera bwino. Kumene ukupitako akupatsa miyezi itatu yoyesedwa, unatiuza wekha. M'miyezi itatu imeneyo palibe amene adzayese ngati kompyuta yako ikufanana ndi ya mnzako. Adzayang'ana ngati ntchito ikutuluka. Ine ndinakuonapo ukulemba pa makina osasinthidwa. Dzanja lamanzere limadumphadumpha kufuna kufika pakona, pakatha ola mkono watupa, amayi ako ayambe kukuthowa ndi madzi ofunda. Ukachedwa sadzati wachedwa chifukwa anamvera msuweni wake. Adzati mtsikana wa ku Mambwe ndi waulemu koma sakwanitsa, ndipo udzabwera ndi basi yomweyo imene ukwere mawayi. Tsiku limenelo Ganizani adzakhala ali ku eyapoti akumata timapepala pa masutikesi, osadziwa n'komwe kuti iwe wachotsedwa ntchito. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mkono wotupawo ndi wako, ndiye za fayiloyo usamafunse munthu amene sakumva kuwawa.

Koma ndisakunamize kuti zonse zimene ananena n'zopusa. Chitsiru nacho nthawi zina chimaponda pa choona osadziwa. Chaka china ndinasintha kilatchi ya galimoto imodzi kuti izigwira pamwamba, mmene phazi langa limakondera, poti ine ndine wamiyendo italiitali. Ndinaiwala kuti galimotoyo si yanga, imayendetsedwa ndi anthu anayi. M'mawa mwake anaitenga a Zulu, gayidi wathu woonetsa alendo nyama, wamfupi uja, malemu tsopano. Anakumana ndi njovu yaikazi ili ndi mwana panjira yopapatiza. Njovu inatambasula makutu, iwo pofuna kubwerera m'mbuyo galimoto inazima. Kawiri konse. Mwamwayi njovuyo inangowaopseza n'kupita. A Zulu atabwera sanapite kwa manijala, anabwera kwa ine pano pa thebulo lomwe lino, malaya atanyowa ndi thukuta. "Sipanala ni yanu, pindani mmene mufunira. Motoka ni ya tonse." Tsiku lomwelo kilatchiyo ndinaibwezera mwakale.

Ndiye usiyanitse ziwirizi. Edita ndi sipanala yako. Khodi imene ukulembayo ndi galimoto ya tonse. Ngati anzako anapangana kuti mizere iziyamba motere, mayina azilembedwa motere, utsate, ngakhale iwe utaona kuti njira yako ndiyo yokongola. Unandiuza wekha kuti munthu wowerenga pulogalamu yomalizidwa sangadziwe kuti inalembedwa ndi chala chiti kapena mu edita yanji. Pa kompyuta ya mnzako usasinthe kanthu, ngakhale mtundu wa zilembo. Koma pa imene adzakupatse iwe, tsiku loyamba lomwelo upite kwa wamkulu wako, umuonetse dzanja, umuonetse fayilo, unene kuti ine ndimagwira ntchito chonchi. Usapepese ponena. Usayambe ndi mawu oti mwina, kapena ngati n'kotheka. Ndipo ngati bwanayo adzafunadi kulemba dzina lake pa makina ako monga akulotera Ganizani, unandionetsa kuti pali njira yobwezera zonse mwakale kwa kanthawi. Umubwezere, alembe dzina lakelo, akachoka uikenso zako.

China, poti ndayamba kale kukukalipira. Kuwongola chida kumakoma, ndipo kukoma kwakeko n'koopsa. Ine nditapezanso mtima wopinda masipanala ndinapyola muyezo. Sabata yathunthu ndinaithera pa bolodi lopachikapo zida, kujambula chithunzi cha chida chilichonse ndi penti, kufufuta, kujambulanso, pamene thirakitala yokokera magalimoto m'matope inali pa majeki ikundidikira. Mvula inagwa thirakitala isanatsike. Iwenso matendawa uli nawo, usakane. Ndinakuona Loweruka lina kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa ukusankha pakati pa mitundu iwiri ya buluu, pamene kapulogalamu kaja unandilonjeza, kondikumbutsa tsiku losintha oyilo, kanali kasanayambike n'komwe. Uzisintha chinthu chikakupweteka katatu. Chikakupweteka kamodzi pirira, mwina ndiwe amene sunachizolowere. Ndipo edita yosasinthidwayo uidziwebe pang'ono, monga ine ndimatha kugwira ndi sipanala ya munthu aliyense ndikapezeka pamsewu ndilibe yanga.

Lero nthawi ya chakudya chamasana ndachita chinthu chimene ndinayenera kuchita zaka khumi ndi zitatu zapitazo. Ndinatenga tepi yakuda ya mawaya n'kumanga zala ziwiri za kumanzere, kachala kotsiriza ndi chinzake, kuzipindira m'chikhatho. Ndinayesa kumasula fyuluta, inandipulumuka. Kenako ndinalowa m'chipinda chosungira zida, ndinakhala pa kompyuta imene ili m'menemo, n'kuika zala mmene aphunzitsi amanenera kuti ndilembe dzina lako. Chilembo chachikulu choyambacho chokha ndinachita kupotoza mkono wonse. Mphindi twente zokha, mtsempha unayamba kukoka mpaka kuchigongono. Mnzanga wosunga zida anandifunsa ngati ndadzicheka. Ndinati ayi, ndikuyeza chinthu. Nditamasula tepiyo zala zanga zinabwerera. Zako sizibwerera, ndipo apa ndiye ndafika pa munthu wachitatu uja.

Unali ndi zaka naini. Chaka chimenecho njovu zinatidyera chimanga kawiri, ndipo anthu ankaziopseza ndi mapaipi ophulitsira tsabola. Odziwa kupanga mapaipiwo analipo, anachita kuphunzitsidwa, ndipo anandiuza kuti ndidikire sabata imodzi andipangire. Ine ndinati ndine makanika, ndidikire chiyani. Ndinatola paipi yakale ku galaja kuno, yopyapyala, ndinaiwotcherera ndekha, ndinathira wonga wa muyezo wa m'mutu mwanga. Masana dzuwa likuswa mtengo ndinapita nayo kumunda kukaiyesa. Iwe unanditsatira, ndipo ndinakuuza kuti gwira apa isagwe. Ine ndi amene ndinakuuza. Zinazo ukuzidziwa kuposa ine. Pamenepo ndiye pali malire a zonse ndakuuzazi. Chida umachipinda ukachidziwa bwino, ndiponso ngati kulakwa kwake kudzagwera iwe wekha. Ine ndinapinda chimene sindinkachidziwa, ndipo chinagwera mwana.

Koma cholakwa changa chachikulu si paipiyo. Paipi inali ya tsiku limodzi. Utatuluka m'chipatala, ndani ankakuuza kuti alendo akabwera uziika dzanja kumbuyo? Ndani anauza abusa atsopano kuti chinali chitseko cha galimoto? Pa chithunzi cha banja chili pakhoma kunyumba, ndani anakuimika kumapeto, mbali ya kumanzere itabisika kuseri kwa amayi ako? Ndinkati ndikukuteteza kuti anthu asamakuyang'anitsitse. Bodza. Ndinkabisa ntchito ya manja anga. Mwana wa kwathu kuno amalandira chinthu kwa wamkulu ndi manja awiri, koma iwe unakula ukulandira ndi limodzi, ndipo amayi a kutchalitchi ankanong'onezana kuti mwana wa makanika alibe mwambo. Ndinkawamva. Ndinalola kuti iwe uzitchedwa wamwano kusiyana n'kuti ine nditchedwe chitsiru. Dzulo Ganizani atalankhula, anthu onse akuseka, ine malume ake ndinali ndi mphamvu yomuletsa ndi liwu limodzi. Ndinayang'ana m'mbale. Ndiye ndikamati ndakwiya, dziwa kuti Ganizani wangotolako pang'ono, mkwiyo waukulu uli pa amene akulemba kalatayi.

Fayilo ija ndaitsegula lero pa kompyuta ya kuno. Sindinasinthe kanthu, usaope. Zambiri sindinamve, koma pakati pa mizere ya Chingerezi unalembamo timawu tako ta Chikunda cha kwathu kuno todzikumbutsa. Pena unalemba kuti apa ndasintha chifukwa mkono unawawa pa mayeso. Pena unalemba kuti ichi anandionetsa a madamu. Pa mzere wina unangolemba kuti chala chachikulu chikwanitsa. Mzere umenewo ndinauwerenga katatu, kenako ndinatuluka panja kukayang'ana galimoto imene inalibe vuto lililonse, kuti mnzanga uja asandione kumaso. Zaka zonsezi ine ndinkakuphunzitsa kubisa dzanja, iwe kumbali unkaliphunzitsa ntchito. Mwana amene analemba mawu amenewo ndi amene kampani ija yamuitana. Usatumize wina ku Lusaka m'malo mwake.

Zotsalazi n'zazing'ono koma uzisunge. Fayiloyo uisunge malo atatu, mu laputopu, pa intaneti paja umaikapo zinthu zako, ndi mu fulashi, chifukwa ine ndinali ndi masipanala asanu ndipo inatsala imodzi. Mnzako akakufunsa kuti unachita bwanji, muonetse, usaumire, a madamu Bwalya sanakuumire. Wina akakuseka dzanja, umuyang'ane kumaso mpaka iye ayambe kuyang'ana pansi. Ganizani usamusungire chakukhosi, ndi mbale wako. Ine ndilankhula naye Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, ndachedwa koma ndilankhula. Uziimbira amayi ako, chifukwa ukapanda kutero ovutika ndi ine. Ukatopa uzipumitsa mkono, ndipo usamaiwale kudya chifukwa cha khodi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndiye pita, sindikukuletsa. Ndimakunyadira kuposa mmene pakamwa pangapa pamanenera.

Kalatayi ndikupatsa ndikafika kunyumba, uiwerenge wekha. Fulashi sindiika mu envulopu. Ndaimangirira ndi ulusi wake womwe uja ku sipanala yopindika ya seventini, imene ndinaitola kudzala, ndipo zonse ziwiri zigona m'thumba mwanga. Mawa basi inyamuka zilo faifi m'mamawa. Pa siteji padzakhala azakhali ako, amayi a kwaya, ndipo Ganizani naye anati abwera kudzakunyamulira chikwama. Ndidzaima pakhomo pa basi pamaso pa onsewo n'kukutambasulira. Ngati wasankha kuisiya, udzangondigwira chanza, sindidzanenanso kanthu, amayi ako adzaikamo nyimbo zawo. Koma ngati ukuitenga, Mwanida, usailandire ndi dzanja limodzi. Utulutse manja onse awiri monga mwana wa kwathu, ndipo ulendo uno ine sindiyang'ana kumbali.

Ndine atate ako,
amene anakuuza kuti gwira apa.